Mikisa ya Malemu a ku Kabulonga

Mukandiona ndikudutsa pa Kabwata, mu Lusaka muno, dzanja lamanja lili lende, musandifunse ngati ndinagwa. Ndi keke imeneyo. Ndipo ngati muli m'gulu lija la pa foni limene timagulitsiranamo katundu pa okushoni, nkhope yanga mukuidziwa kale, chifukwa uthenga wanga wopepesa unapachikidwa pamwamba penipeni pa gululo mpaka anthu anatopa nawo. Ndalemba izi kuti mumveko mbali yanga, ngakhale ndikudziwa kuti mbali yangayo siindiyeretsa kwenikweni.

Ine ndimaphika makeke. Si bizinesi yoti n'kuimikira galimoto pakhomo ayi. Masikono a m'mawa, makeke a tsiku lobadwa a ana a m'mafulati mwathu muno, mwa apo ndi apo kakeke ka chinkhoswe, basi. Zonsezi ndinkatakasa ndi dzanja m'kabeseni kanga kobiriwira, ndipo palibe anadandaulapo. Ndiye mlamu wanga Mwila, mlongo wawo wa bambo a kunyumba kuno, anapeza banja. Pamsonkhano wokonzekera ukwati, apongozi anga, amene tonse timawaitana kuti ba Mayo, ananena kuti keke akagula ku shopu ina ya ku Woodlands. Munthu wanzeru akanangoti zikomo n'kupitiriza kumwa tiyi wake. Koma ine pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Ba Mayo, keke kukagula kwa anthu mpongozi wanu alipo? Nizapanga ine. Ya masitepe anayi."

Ba Mayo anandiyang'ana kuyambira paduku mpaka pa patapata (mayiwa mpaka lero sanamvetse chimene mwana wawo anasiyira atsikana onse a ku Kasama n'kukatola Mchewa wa ku Katete).

"Uzakwanisa?"

"Nizakwanisa."

"Chabwino," anatero. "Keke ikavuta, ni iwe uzaimilila kutsogolo kuuza bantu."

Nditafika kunyumba ndinayang'ana kabeseni kanga kobiriwira, nako kanandiyang'ana. Keke ya masitepe anayi siitakasidwa ndi dzanja la munthu mmodzi pokhapokha ngati munthuyo watopa ndi moyo. Pankafunika mikisa, makina aja otakasira ufa ndi mazira, yaikulu yeniyeni. Ya m'shopu ndinali nditaionapo mtengo wake ndili panja pa galasi, ndipo ndinadutsa mwaulemu. Ndiye ndinalowa m'gulu lija.

Kwa amene simulidziwa, limayenda chonchi. Munthu amaika chithunzi cha katundu wake, anthu n'kumatchula mitengo pansi pake, amene wakwera kuposa onse nthawi ikamatha ndiye watenga. Gululi lili ndi mwini wake, ba Adimini, amene panthawiyo palibe anali atawaonapo ndi maso. Lili ndi malamulo akenso. Wogulitsa aonetse vidiyo katunduyo akugwira ntchito, ndipo anene zilema zake zonse osabisa. Wogula ali ndi masiku awiri oyesera. Ngati katundu ali ndi vuto limene silinanenedwe, abweze yekha, ali mmene anamutengera. Malamulowa ndinali nditawawerengapo mmene tonse timawerengera, chala chikuthamangira pansi kufuna zithunzi.

Mikisayo ndinaiona Lolemba, sabata ya ukwati yomweyo. Inali yamtundu wa mkaka, mbale yake yachitsulo yoti mwana n'kusambiramo. Wogulitsa anali mayi wina wa ku Kabulonga, ba Mulenga. Analemba kuti ndi yakale koma yamphamvu, ndipo mbale ndi yopindika pang'ono m'mphepete. Mu vidiyo inkazungulira bwinobwino, ikulira mwaulemu ngati galimoto ya bwana. Ndinatchula mtengo. Posakhalitsa mayi wina, amene pa dzina lake anaikapo chithunzi cha duwa, anakwera pamwamba panga. Ndinawonjezera. Duwa linawonjezera. Ndinawonjezeranso, masikono akupserera mu uvuni. Kunena zoona, chakumapeto mikisa ndinali nditaiiwala, chimene ndinkafuna chinali kuthyola duwa lija. Ndinalithyoladi, koma zonse zimene ndinkasungira uvuni watsopano zinathera pomwepo.

Bambo a kunyumba nditawaonetsa chithunzi, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Wagula makina ya malaiti? Chaka chino? Uzaiyatsa na kandulo?"

Funsolo linali labwino. Inali nyengo ija magetsi ankabwera ngati mlendo wotsegula m'mimba, kungolowa n'kutulukanso. Kuno ku Kabwata tinkatha tsiku lonse firiji ili kabati wamba. Makeke ndimawotchera pa gasi, ndiye za magetsi ndinali ndisanaziganizire n'komwe. Ndinangodziuza kuti zikaoneka kutsogolo.

Mawa lake ndinakwera takisi kupita ku Kabulonga kukatenga katundu wanga. Mpanda wautali, geti lachitsulo, agalu awiri aakulu ngati ana a ng'ombe. Ba Mulenga anatuluka okha, mayi wa msinkhu wanga womwewu, wamagalasi, wolankhula pansipansi. Mikisa anali ataiika kale pakhonde.

"Mwaiseni mukwai," anandilonjera. "Iyi inali ya amayi anga. Anatisiya chaka chatha. Ine makeke siniziba, manje ingokhala chabe mu kabati. Lowani, tili na sola, tiiyatse muione mweka."

Apa ndi pamene ndinalakwa koyamba, ndipo ndikufuna muone kuti ndikuvomereza. Takisi inali kudikira panja, woyendetsa akuyang'ana wotchi. Agalu aja ankandiyang'ana m'miyendo. Ndipo matailosi a m'nyumbamo anali oyera mbuu pamene mapazi anga anali ndi fumbi lonse la pa siteshoni.

"Iyayi, musavutike," ndinatero. "Nakukhulupililani."

Ndinanyamula mikisa, n'kumapita.

Tsiku limenelo magetsi sanabwere. Ndinaika mikisa patebulo, tonse m'nyumba n'kumangoizungulira ngati chithunzi. Litacha tsiku lachiwiri, nthawi yoyesera inali kutha ndipo ukwati unali Loweruka. Ndinaimba foni uku ndi uku kufunsa kumene kuli magetsi. Woodlands kulibe. Avondale anali atangozima kumene. Mwamwayi, kapena mwatsoka, akulu anga a ku Chelstone anati kwawo ayaka. Ndinakulunga mikisa m'chitenje, n'kukwera nayo minibasi mpaka m'tauni, kenako ina ya ku Chelstone, ili pamiyendo. Kondakitala anaisuzumira n'kunena kuti, "Mami, uyu mwana wanu wachitsulo alipila mpando." Tinakangana mpaka pa Great East Road, ndipo anapambana ndi iye.

Tsopano ndikuuzeni za akulu angawa, ba Sisi, amake Dalitso. Ndi munthu wabwino. Anandilera ndi iwo nditangofika mu Lusaka. Koma ba Sisi ndi munthu wa mapemphero, ndipo mapemphero awo amayenda ndi zida. Chovala cha salaula, kaunjika uja, sichivalidwa m'nyumba mwawo chisanagone m'madzi a mchere ndi kupemphereredwa, chifukwa amati sudziwa amene anachivala anali ndi zotani. M'chikwama mwawo simusowa kabotolo ka mafuta odzozera. Anadzozapo sofa, anadzozapo njinga ya Dalitso, anadzozapo ngakhale nsapato za amuna awo za kuntchito. Zonsezi ine ndimazidziwa, ndakula nazo. Ndiye mundiuze chimene chinanditsegula pakamwa tsiku limenelo.

"Wagula kuli ndani?" anafunsa akundithirira tiyi.

"Kuli mzimayi wina wa ku Kabulonga. Inali ya amayi ake, anamwalila chaka chatha."

Tiyi anasiya kutsika mu kapu.

"Anafa na chani?"

"Sininafunse."

"Mhm," anatero ba Sisi. Anapitiriza kuthira tiyi.

Ndinkafuna kuyesa mikisayo ndi ufa weniweni, osati kungoizungulitsa mbale ili gwa, ndiye ndinathamangira kumsika kukagula mazira ndi majarini. Kumsikako ndinakumana ndi mnzanga wakale, tinacheza pang'ono (pang'ono pa ine mukupadziwa). Pobwera ndinapeza mikisa ili patebulo ikunyezimira ngati mwana wopita ku tchalitchi. Ndinakondwa.

"Ba Sisi, mwaipukuta? Zikomo."

"Ni nchito yanga," anatero, maso ali kudenga.

Ndinaswa mazira, ndinathira shuga ndi majarini, ndinalowetsa pulagi, n'kudina batani. Inazungulira kawiri bwinobwino. Kenako inayamba kung'ung'udza, kenako phuu! Moto wabuluu unatulukira kumbuyo, utsi n'kudzaza khitchini, magetsi a nyumba yonse n'kuzima, ndi wailesi yakanema yomwe imene inali kulalikira pabalaza. Fungo lake linali lachilendo, ngati pamalo okazingira tchipisi. Ndinaima ndi dzira lina m'manja, kukamwa kuli yasa. Kumbuyo kwanga ndinamva ba Sisi akunong'ona, manja ali m'mwamba, kuti "Zikomo Ambuye." Ine ndinkayesa akuthokoza kuti tapulumuka.

Mkwiyo umene ndinali nawo sindinaumvepo chibadwire. Ndinaona ba Mayo ataima kutsogolo kwa holo akundikodola kuti bwera uwauze anthu. Ndinaona uvuni wanga watsopano ukukwera kumwamba limodzi ndi utsiwo. Ndinatulutsa foni ndili mu utsi momwemo, n'kulowa m'gulu. Ndinalemba kuti chenjerani ndi wakuba wa ku Kabulonga. Ndinalemba kuti vidiyo ija inali yakalekale. Ndinalemba kuti anthu a mipanda yaitali amatigulitsa zinyalala zawo ife osauka m'malo mokataya kudzala, ndipo mikisayo ndinaitchula kuti chinyalala, kawiri. Zala zitatopa ndinajambula mawu, ndikutsokomola dala kuti amve utsi.

"Usalembe vambili," anatero ba Sisi akutsegula mawindo.

"Nisiyeni, ba Sisi. Aba bantu afunika kuphunzila."

Gulu linayaka moto. Anthu amene sindinawaonepo anali mbali yanga. Wina anati pitani kupolisi. Wina anati nayenso anagulako ketulo ku Kabulonga n'kufa sabata yomweyo, ngati kuti Kabulonga yense ndi nyumba imodzi. Mayi wa duwa uja analemba kuti Mulungu wamupulumutsa, ndipo ngakhale zinandiwawa, ndinamuyankha kuti amen. Ndisaname, zinkakoma. Ba Mulenga anayankha mzere umodzi wokha: "Bwelesani mailo, tione pamodzi." Ba Adimini nawo analowererapo. Anati popeza ndadandaula nthawi isanathe, ndibweze katunduyo, atsegulidwe tonse tikuona pa vidiyo, ndipo wolakwa adziwika pomwepo.

Mawa lake ndinavala diresi langa la misonkhano ndi nsapato zotseka, kuti matailosi aja asandiopsenso. Mawu oti ndikanene ndinali nditawakonza kale, ena ndinawayeserera pagalasi. Ndikukweza mikisa mu takisi ndinaona kuti chitenje chimene ndinaikulungira chanyowa mafuta pansi. Munthu wina akanaima n'kuganiza. Ine ndinajambula chithunzi n'kutumiza m'gulu, ndi mawu akuti "Onani, ichucha na mafuta." Anthu anaikapo tinkhope tokwiya tambirimbiri.

Ba Mulenga anandilandira monga poyamba, mukwai ndi zonse, zimene zinandikwiyitsa kwambiri chifukwa ndinabwera kudzakangana. Anayala nyuzipepala zakale patebulo la pakhonde, n'kutsamiritsa foni pa mphika wa maluwa. Pafonipo panaoneka bambo wadazi atakhala m'galimoto akudya chimanga chowotcha. Amenewo ndiye anali ba Adimini, oweruza athu. M'munsi mwawo munayamba kutulukira timitu ta anthu a m'gulu amene analowa kudzaonerera, ndipo pakati pawo ndinaliona duwa lija.

"Tiyeni, nili na nchito," anatero ba Adimini. "Ba ogula, kambani."

Ndinakamba. Ndinakamba za thukuta la munthu wosauka, za ukwati wa Loweruka, za chilungamo. Nditamaliza, ba Mulenga anapendeketsa mikisa pang'onopang'ono. M'timabowo takumbuyo, tija totulukira mpweya, munayamba kudontha mafuta obiriwirako.

"Mwaona?" ndinatero, ndikuloza pafoni.

Ba Mulenga anagwira dontho limodzi ndi chala n'kununkhiza.

"Aya si mafuta ya makina," anatero. "Aya ni ya olivi."

Mayiyo anatenga sikuludiraiva, anamasula chivundikiro chakumbuyo, n'kutembenuzira mikisa ku foni. M'kati monse munali chinyontho, mawaya atapsa bii, ndipo pamwamba pake panali zoyera zoumirira ngati nkhoko za m'poto wa nyemba.

"Ivo voyela ni vichani?" anafunsa ba Adimini.

"Ni fumbi ya ukalamba," ndinayankha msanga. "Makina yagona zaka mu kabati."

Tsono ife ophika tili ndi chizolowezi chimodzi choipa. Chilichonse choyera chikakhala pachala, chimapita pakamwa chokha, mutu usanafunsidwe. Ndinapaka chala pa zoyerazo kuti ndiwaonetse fumbi, ndipo ndisanadziwe chimene ndikuchita ndinali nditanyambita, pamaso pa gulu lonse.

Ba Adimini anasiya kutafuna.

"Mami, yakoma?"

"Ni mchele," ndinatero ndi mawu aang'ono.

Pamenepo zonse zinabwera pamodzi: tiyi woima m'malere, mikisa yonyezimira, fungo la tchipisi, "Zikomo Ambuye" uja. Ndikanatha kugwada pomwepo n'kupepesa nkhani isanakule. Koma ndinali nditavala diresi la misonkhano, ndipo duwa linali kundiyang'ana.

"Ndani wina anaigwilako kuchoka pa geti apo?" anafunsa ba Adimini.

"Ba sisi banga chabe. Anaipukuta pamwamba."

"Batumileni foni. Ikani pokweza timvele tonse."

Ndinapemphera kuti asayankhe. Ba Sisi, amene foni yawo imakhala pansi pa chikwama mpaka kulira kutha, tsiku limenelo anayankha isanalire kawiri.

"Ba Sisi, ija mikisa dzulo munaichita chani?"

"Ninaisambika," anayankha mokondwa, ngati munthu amene wakhala akudikira kuti amufunse. "Manzi ya mchele poyamba, mu tumabowo twa kumbuyo, chifukwa vija vintu vibisala mukati, osati panja. Pambuyo pake mafuta. Iwe sunamvele mwamene chinatulukila? Unganyamule chintu cha muntu wakufa kukaphikila keke ya ukwati? Ufuna mzimu wa ija nkhalamba ukalowe mu nyumba ya Mwila?"

Ndinadula foni, koma zinali zitatuluka kale. Ngakhale agalu aja anagona pansi. Ndinalakalaka matailosi atang'ambika ndilowe, chifukwa nkhalamba imene inanenedwayo mwana wake anali ataima pafupi nane, sikuludiraiva ili m'manja.

Ba Mulenga anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, n'kuwavalanso.

"Amayi anga anaphika makeke ya maukwati ya mu chalichi mwathu zaka zonse zija," anatero, mawu ali pansi monga mwa masiku onse. "Na ya ukwati wanga anaphika na iyi. Mzimu wao ukanakhalamo, bwenzi keke yanu itafufuma bwino."

Anandiyang'ana n'kupitiriza.

"Pamene ninaona kuti mwawina ndimwe, ninayangana zithunzi zanu za masikono. Ninakondwela kuti yapita kuli muntu ophika. Manje dzulo mwalemba ati ni chinyalala."

Akanandilalatira bwenzi zili bwino, ndikanadziwa pogwira. Koma mayiyo anangosisita mbale yopindika ija ndi dzanja, ndipo manyazi amene ndinamva anandifika mpaka m'mano.

Ba Adimini anapukuta pakamwa n'kugamula. Anati wogulitsa anachita zake zonse: vidiyo anaonetsa, chilema ananena, kuyesa anapempha koma wogula anakana. Anati wogula anatenga katundu wouma, wabweza wothira mchere ndi mafuta, kwangotsala anyezi. Palibe kubweza ndalama, katundu ndinyamule ndibwerere naye, ndipo ndilembe kupepesa m'gulu momwe ndinalembera chipongwe, apo ayi andichotsa.

Ndinayesabe kamodzi, poti pakamwa panga mukupadziwa.

"Koma ba Adimini, si ine ninathila. Ni ba sisi."

"Mami, mu malamulo mulibe ba sisi. Katundu ikachoka pa geti ni yanu, na abale anu onse ni anu."

Timitu tija tinayamba kuzimiririka kamodzikamodzi. Duwa linachoka pomalizira.

Ndikukulunga mikisa m'chitenje chamafuta chija, ba Mulenga analowa m'nyumba. Ndinkayesa akukamasula agalu, ndipo sindikanawaimba mlandu. Anatuluka ndi mthiko waukulu, wakuda ndi ukalamba, wodyeka mbali imodzi chifukwa chokhula m'beseni.

"Asanagule makina, amayi anali kusewenzesa uyu," anatero. "Tengani, si wa okushoni. Uyu mungausambike na mchele mwamene mufunila."

Ndinaulandira ndi manja awiri. Ndinafuna kunena zambiri, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo mwanga pakamwa panakana, panangotuluka kuti pepani. Mu takisi ndinalira mpaka woyendetsa anatsitsa wailesi. Uthenga wopepesa ndinaulemba momwemo, ndipo ba Adimini anaupachika pamwamba pa gulu kuti aliyense wolowa ayambe wauwerenga.

Ndisanafike ndi pa Kabwata pomwe, foni inalira. Ba Mayo. Sali m'gulu lija, koma mu Lusaka muno nkhani siifuna kuti ukhale m'gulu.

"Namvela ati makina yapsa," anatero. "Niitane baja ba ku Woodlands?"

Apanso munthu wanzeru akanati inde.

"Iyayi, ba Mayo. Nizakwanisa."

Lachisanu m'mamawa ndinali pakhomo pa ba Sisi ku Chelstone. Sindinakhale pansi, ndi tiyi yemwe ndinakana.

"Valani, tiyeni. Munachotsa mzimu mu makina, manje bwelani mulowe m'malo mwake."

Anafuna kuyamba ulaliki, koma atandiyang'ana kumaso anangotenga chikwama chawo. Titafika ku Kabwata tinabwereka beseni lalikulu kwa aneba, n'kuyamba kutakasa ndi mthiko uja mosinthana. Majarini ndi shuga sizigwirizana msanga, abale, zimafuna munthu azipemphe ndi phewa. Ine ndikatopa ba Sisi ankalandira akuimba makorasi, iwo akatopa ndinkalandira ine ndikutukwana chamumtima. Bambo a kunyumba anasuzumira kamodzi n'kufunsa ngati tikufuna kandulo, ndipo anatuluka msanga ataona mmene ndinagwirira mthiko. Pofika madzulo dzanja langa linali la munthu wina. Magetsi, mwa chipongwe chawo, tsiku limenelo anayaka kuyambira m'mawa osazima, mikisa ili pakona ikutiyang'ana.

Keke inatuluka. Masitepe anayi monga ndinalonjezera, ngakhale yachinayi inali yaikulu pang'ono chabe kuposa sikono, ndipo yonse inapendekera mbali ya ku Chelstone. Ndinabisa kupendekako ndi maluwa. Paukwati ndinakhala pafupi ndi chitseko, kuti zikavuta ndisavutike kufuna njira. Mwila ndi mwamuna wake anadula, anadyetsana, anthu anaimba nthungululu. Kenako mbale inafika kwa ba Mayo. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali pa ine kudutsa holo yonse, n'kundikodola. Ndinayenda ngati wopita kukalandira chilango.

"Mchele uli bwino," anatero, n'kutenga chidutswa china.

Kwa anthu ena amenewo ndi mawu wamba. Kwa ba Mayo ndi mendulo, ngakhale ndikudziwa kuti munali kachipongwe mkati. Kutsogolo sindinaimirire, ndipo keke inatha yonse, ndi kasikono kapamwamba komwe. Chidutswa chimodzi ndinabisa m'chikwama, n'kukapereka ku Kabulonga Lamlungu. Ba Mulenga analawa ali pageti pomwepo n'kunena kuti amayi awo ankathiramo khungu la ndimu pang'ono. Tsopano ndimathira.

Mungafunse ngati ndaphunzirapo kanthu. Ndaphunzira kuti wogulitsa akati lowani tiyatse, uzilowa, kaya mapazi ali ndi fumbi lotani. Ndaphunzira kuti utsi uzitha kaye m'khitchini usanagwire foni. Mikisa ili pamwamba pa wodiropu, ndipo bambo a kunyumba amaikolekapo chipewa. M'gulu ndikadalimo, ngakhale ndikangotchula mtengo pa chinthu pamakhala wina wofunsa ngati ba sisi ali bwino.

Ba Sisi okha ndiwo sanaphunzirepo chilichonse. Mpaka lero amauza anzawo a kumapemphero kuti kuphulika kuja ndiye kunali kutuluka kwake, ndipo ukwati wa Mwila uli pamtendere chifukwa cha iwo. Za kumene mthiko uja unachokera sindinawauze. Tsiku lija tikutsuka ziwiya anautembenuzatembenuza m'manja n'kundifunsa kuti, "Uyu mthiko unaugula kuti? Uli na dalitso." Ndinati kumsika wa ku Kamwala. Anaubwereka kuti akaphikire keke ya Dalitso, osausambika n'komwe, ndipo mwezi wathawu ndinauona uli m'khitchini mwawo, pamalo aulemu pafupi ndi kabotolo ka mafuta. Ndaufunsa kangapo konse. Akukana kubweza, ndipo kumeneko kulibe ba Adimini oti ndikadandauleko.